Ku msika wa mahatchi ku Ballinasloe, ndalama yobweza ija ndi ya chani?

Mlendo_waGalway:
Abale amene mwakhalitsa kuno ku Ireland tandithandizani. Mu October ndinapita ku Ballinasloe ku County Galway kukaona msika wa mahatchi uja, anthu pikitipikiti pa Fair Green, matope mpaka mu akakolo koma palibe amene amadandaula. Ndiye ndinaona bambo wina atagulitsa hatchi yake, anawombana m'manja ndi wogulayo mwamphamvu, kenako anapisa mthumba nkumubwezera ndalama zina. Sinali chenji ayi. Zimenezi ndi zachani kodi?

NaPhiri_Cork:
Imeneyo amati luck money achimwene, ena amati luck penny. Wogulitsa amabweza kangachepe kuti chiweto chikamuyendere bwino mwini wake watsopano, ili ngati banyira koma ya mwayi, ndipo ukapanda kupereka anthu amakuona ngati woumira. Kale pankakhalanso munthu wapakati wotchedwa tangler, awiriwo akakanika kugwirizana mtengo iyeyu amawagwira manja kuwakokera pamodzi mpaka atawombana, zikatero basi malonda atheka palibenso kubwerera mmbuyo.

MalumeAkuKerry:
Mphwanga ngati Ballinasloe inakusangalatsa bwera kuno ku Killorglin ku County Kerry pa 10 mpaka 12 August ku msika wotchedwa Puck Fair. Amakagwira tonde wakutchire kumapiri nkumuveka chisoti cha ufumu, kamtsikana ka mderalo ndi komwe kamamuveka, tsiku loyamba kuli mahatchi lachiwiri ng'ombe, lachitatu mbuzi ija amaibwezera kwawo kuphiri. Chilolezo cha msikawu chinachokera kwa mfumu James I ya ku England mu 1613, tangoganiza. Uvale majombo.

Mlimi_Roscommon:
Ine ndimagwira ntchito pa famu ya ng'ombe ndiye ndinene zomwe zimandikhudza. Misika ya mumsewu yambiri inatha kuyambira mma 1950 pamene anayambitsa ma mart, komwe ng'ombe imakwera pa sikelo nkugulitsidwa pa okushoni, iliyonse ili ndi nambala kukhutu ndi pasipoti yake. Mlimi saberedwa mtengo, zimenezo nzabwino sindikana. Koma abwana anga ndi agogo okhala okha, mart ndi malo okhawo amene amacheza ndi anzawo pa sabata, amapita ngakhale alibe chogulitsa kungofuna kumwa tiyi ndi kukamba za mvula. Mu 2020 malonda atasamukira pa intaneti chifukwa cha Covid agogowa anangoti ziii masabata ambiri, ndimawamvera chisoni kwabasi. Luck money ija amaperekabe mpaka lero, mu envelopu.

Mlendo_waGalway:
Zikomo nonse. Malume August yo ndikubwera, mundisungire pogona.