Kodi ndi koyenera kulemba ndemanga pa masewera a makhadi amene sanatsirizidwe?

Kadzidzi:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukulemba za masewera a patebulo ndi a makhadi. Munthu wina amene akupanga yekha masewera a makhadi, popanda kampani yaikulu yomuthandiza, wanditumizira masewerawo asanasindikizidwe, ndipo akufuna kuti ndilembepo maganizo anga asanayambe kusonkhanitsa ndalama pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amalonjeza ndalama zothandizira chinthu chisanapangidwe. Makhadiwo adawasindikiza pa pepala wamba, zithunzi zina sizinajambulidwe, ndipo mwini wakeyo akuti kabuku ka malamulo kasinthabe. Walonjezanso kundipatsa kangachepe chifukwa cha nthawi imene nditaye. Kodi ndingalembe kuti masewerawa ndi abwino kapena ayi, pamene zimene ogula adzalandire zikhoza kudzasiyana ndi zimene zili m'manja mwangamu? Nanga kulandira ndalamazo sikungandimange pakamwa?

Nyenyezi:

Achimwene, pali ntchito ziwiri zimene anthu amakonda kuzisokoneza. Ina ndi kuonetsa masewera amene akubwera, pomwe mumafotokoza kaseweredwe kake, chiwerengero cha anthu amene angakhale patebulo, nthawi imene amatenga, ndiponso chimene chikuwasiyanitsa ndi anzake. Ina ndi kuweruza masewera amene adatuluka kale, amene owerenga anu angathe kukagula monga momwe inu mwawaonera. Zimene mwalandirazo ndi zoyenera ntchito yoyambayo basi.

Ndikutero chifukwa cha mmene Kickstarter imayendera. Chiyambire mu 2009, lamulo lake ndi lakuti ngati ndalama zimene wopanga adapempha sizinakwane pofika tsiku lotseka, palibe amene amalipira, koma ngati zakwana, onse amene adalonjeza amalipira nthawi yomweyo, kenako n'kudikira miyezi yambiri, ena kupitirira chaka, kuti katundu asindikizidwe, nthawi zambiri ku China, ndi kutumizidwa. M'kati mwa nthawi imeneyo zambiri zimasintha. Ndalama zikamachuluka opanga amalonjeza makhadi owonjezera pofuna kukopa anthu ena, ndipo kawirikawiri makhadi amenewa sakhala atayesedwa mokwanira ngati oyambirira aja, moti masewera amene anali kuyenda bwino akhoza kufika kwa ogula atalemera ndi zinthu zimene inu simunazione.

Anthu amamva za masewera ngati Exploding Kittens, imene mu 2015 idasonkhanitsa madola oposa 8 miliyoni kuchokera kwa anthu oposa 219,000, kapena Frosthaven ya Isaac Childres, imene mu 2020 idatsala pang'ono kufika pa madola 13 miliyoni, ndipo amaganiza kuti aliyense wopita kumeneko amabwerako ndi chuma. Opanga ang'onoang'ono ambiri amalimbana kuti angokwanitsa ndalama zosindikizira, ndipo amadziwa kuti masiku oyambirira ndiwo amaonetsa ngati zinthu ziyende. N'chifukwa chake amasaka olemba ngati inu ntchito isanayambe. Dziwiranitu kuti pa zonse zimene mulembe, adzatolapo chiganizo chimodzi chokoma n'kuchiika pa tsamba lawo pamodzi ndi dzina lanu. Choncho lembani chiganizo chilichonse mokumbukira kuti chikhoza kudzaima pachokha, ndipo pamwamba penipeni nenani kuti mwasewera masewera oyesera amene malamulo ake ndi zithunzi zake zikhoza kusintha.

Mlimi wa Mtedza:

Ndikugwirizana ndi Mayi Nyenyezi pa kusiyana kwa ntchito ziwirizo, koma nkhani ya ndalama aidumpha, ndipo kwa ine ndi pamene pagona vuto. Ine ndikuti musalandire. Sindikunena kuti mudzanama dala, ayi, koma munthu amene walipidwa amafewetsa mawu mosazindikira: pamene akadalemba kuti gawo lomaliza ndi lotopetsa, amalemba kuti likufunika kudekha, ndipo wowerenga sangadziwe kuti pabisika chilema.

Taonani mmene amachitira a Spiel des Jahres ku Germany, mphoto ya masewera opambana pa chaka imene yakhala ikuperekedwa kuyambira 1979. Oweruza ake ndi anthu olemba ndi kuunika masewera, ndipo munthu wogwira ntchito yopanga kapena kugulitsa masewera saloledwa kukhala m'gululo. Amaweruzanso masewera amene adatuluka kale, amene ali m'masitolo. Ndicho chifukwa chake chizindikiro chawo chikaikidwa pa bokosi makolo amagula osakayika, ndiponso ndicho chifukwa chake idali nkhani yaikulu pamene Wingspan ya Elizabeth Hargrave, yochokera ku kampani yaing'ono ya Stonemaier Games, idapata mphoto yawo ina ya Kennerspiel des Jahres, ya masewera ovutirapo, mu 2019. Wolemba amene akungoyamba alibe china chogulitsa kupatula kukhulupirika kwake.

Nyenyezi:

Bambo Mlimi, pamenepo ndisiyana nanu pang'ono. Kuphunzira malamulo osalongosoka, kusonkhanitsa osewera, kujambula zithunzi ndi kulemba ndi ntchito yodya nthawi, ndipo alipo anthu odziwika amene amalipidwa poonetsa masewera a pa Kickstarter popanda kubisa. Cholakwika ndi kulandira ndalama n'kupereka chigamulo ngati kuti simunalandire. Ku America bungwe la boma loteteza ogula la FTC limafuna kuti wolandira ndalama kapena katundu waulere aulule zimenezo poyera, ku Britain nakonso malamulo a zotsatsa malonda amafuna chimodzimodzi, ndipo YouTube ili ndi malo osonyezera kuti kanema ndi wolipiridwa. Achimwene athuwa asankhe chimodzi: alandire, aulule, afotokoze kaseweredwe kokha osapereka malikisi, kapena akane ndalama kuti akhale ndi ufulu wonena zonse zimene aona.

Gogo Chambo:

Ana anga, za ndalama mwakambirana mokwanira, ndipo ine ndili kumbali ya Bambo Mlimi, koma funso loyamba lija lili ndi mbali imene simunaikhudze, ndiyo ya zimene munthu angathe kuziweruza ngakhale pa makhadi a pepala wamba. Zithunzi, kulimba kwa makhadi ndi kukongola kwa bokosi zisiyeni, chifukwa simunazione. Chimene mungathe kuchiona ndi mtima wa masewerawo, ndipo umenewo susintha kwenikweni pakati pa lero ndi tsiku losindikiza.

Choyamba, musalole kuti mwini wake akuphunzitseni. Perekani kabuku ka malamulo kwa anthu amene sanawaonepo masewerawo, inu mukhale pambali osayankhula, muone pamene akukakamira. Opanga odziwa ntchito amayesa masewera awo mwa njira imeneyi asanawatulutse, popeza wogula sadzakhala ndi mwini wake pafupi woti amufunse. Ngati anthu anayi awerenga lamulo limodzi n'kulimva m'njira ziwiri, chimenecho ndi chilema choyenera kuchilemba, ndipo wopanga wanzeru adzakuthokozani chifukwa nthawi yokonza ikadalipo.

Kenako yesani chiwerengero chilichonse cha osewera chimene chalembedwa. Opanga amakonda kulemba kuti anthu awiri mpaka asanu angasewere, chifukwa zimenezo zimakopa ogula ambiri, koma masewera ochuluka amakoma pa chiwerengero chimodzi kapena ziwiri zokha. Pa BoardGameGeek, tsamba la pa intaneti la masewera a patebulo limene lidayamba mu 2000, osewera amavota kuti masewera akutiakuti amakoma pa anthu angati, ndipo mukayerekeza mavotiwo ndi zolembedwa pa mabokosi mudzaona kusiyana kwake. Pomwepo ndikuchenjezeni kuti malikisi a pa tsambalo, amene amayambira pa 1 kufika pa 10, musawadalire pa masewera amene sanatuluke, chifukwa ena amapereka 10 atangolipira ndalama, asanagwire ngakhale khadi limodzi.

Chachikulu koposa ndi kuona ngati wosewera ali ndi chosankha chenicheni nthawi yake ikafika. Love Letter ya Seiji Kanai wa ku Japan, imene idatuluka mu 2012, inali ndi makhadi 16 okha: munthu amakhala ndi khadi limodzi, amatola lachiwiri, n'kusankha loti aponye. Komabe kusankha kumeneko kumafuna kukumbukira makhadi amene atuluka ndi kulingalira chimene mnzako wabisa. Bawo wathu nayenso ndi maenje 32 ndi njere 64 basi, koma akuluakulu amatha tsiku lonse pamthunzi osatopa naye. Ndiye mukamasewera, onani ngati pali njira imodzi yopambanira imene munthu akaitulukira masewera atha, onani ngati amene watsalira pachiyambi ali ndi mwayi wobwereranso, ndipo mukamaliza khalani chete muone ngati wina anene yekha kuti tibwereze.

Kadzidzi:

Zikomo kwambiri nonse. Ndalamazo ndizikana, ndipo ndimuuza mwini wakeyo kuti ndilemba zimene ndaona, zokoma ndi zowawa zomwe. Chimene chatsala n'chakuti, kodi ndi bwino kumuonetsa zolembazo ndisanazitulutse?

Gogo Chambo:

Muonetseni gawo lofotokoza malamulo lokha, kuti akuuzeni ngati pena mwasewera molakwika, popeza si chilungamo kunyoza masewera chifukwa cha lamulo limene inu simunalimvetse. Gawo la maganizo anu asalikhudze. Mumufunsenso mafunso amene owerenga anu sangathe kumufunsa: ngati wapeza kale fakitale yosindikiza, ngati mtengo umene akutchula ukuphatikizapo ndalama zotumizira ndi msonkho, ndiponso mayiko amene adzatumizeko. Kwa owerenga a ku Malawi ndi ku Zambia funso lomalizali ndi lofunika, chifukwa ndalama zotumizira kabokosi kakang'ono nthawi zina zimaposa mtengo wa masewerawo. Ngati adzagulitsanso masewerawa ngati fayilo yoti munthu asindikize yekha ndi kudula makhadi kunyumba, monga amachitira opanga ang'onoang'ono ambiri, zimenezo muzilembe pamalo oonekera.