Mawotchi a mtima kapena makina a BP, tiwagulire chani makolo kumudzi?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Paja tinagwirizana kuti ndalama tasonkha chaka chino zipite pa umoyo wa makolo athu kumudzi, ndiye achimwene a ku Joni ali ndi ganizo, ndawapempha alembe pompano aliyense aone tisanavote

Wa ku Joni: Zikomo alembi. Ine ndimati tiwagulire agogo athu mawotchi aja a pamkono oyeza mtima. Wotchiyo imawerenga kugunda kwa mtima usana ndi usiku, mmene munthu wagonera, mmene wayendera, ndiye AI, pulogalamu ya kompyuta yomwe imaphunzira yokha, imazolowera thupi lakolo nkukuchenjeza ikaona kuti pena pasokonekera. Apple Watch kuyambira 2018 imajambula ECG, chithunzi cha kagundidwe ka mtima, ndipo imagwira vuto lija mtima umagunda mosalongosoka lomwe limayambitsa sitiroko, ku yunivesite ya Stanford ku America anachita kafukufuku wake pa anthu oposa 400,000. Ife tili kutali timangolandira foni kuti amalume agwa kumunda mbali imodzi yafa, nde tiyambe kuthamanga ndi ndalama ya transport mochedwa kale. Zimandiwawa abale

Namwino ku Leeds: Achimwene ndakumvani ndipo mtima wanuwo ndi womwe tonse tili nawo. Koma ndiyankhule ngati munthu wa mu wodi. Chomwe chikugwetsa makolo athu kwambiri ndi BP, kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ku Malawi anali ndi BP yokwera ndipo ambiri mwa iwo samadziwa nkomwe, poti siipweteka, munthu amalima bwinobwino mpaka tsiku logwalo. Kuti udziwe kuti wafika pa 140/90 pamafunika makina a lamba womanga pamwamba pa chigongono, munthu atakhala pansi wapuma kaye mphindi zisanu. Ndalama zathuzi Apple sitingaikwanitse, tikathera pa mawotchi otchipa aja amagulitsa mu Limbe olembedwa kuti amayeza BP ndi shuga, amene aja amangotulutsa manambala. FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inachenjeza mu February 2024 kuti anthu asadalire wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga osabaya khungu. Taganizani agogo a shuga wotchi ikuwauza kuti ali bwino asiye mankhwala

Namwino ku Leeds: China ndi khungu lathuli. Tizipangizo toyeza oxygen m'magazi timagwiritsa kuwala ngati mawotchiwa, ndipo mu 2020 a University of Michigan anapeza kuti timalephera kuona kuchepa kwa oxygen pafupifupi katatu kuposa pa azungu akamayeza anthu akuda

Wa ku Joni: Achemwali zimenezo za khungu sindimadziwa, koma makina a BP wo ndikudziwa mathero ake, akatsekeredwa mu kabati mabatire atha palibe wogula. Wotchi bola ili pathupi pa munthu

Aphunzitsi kumudzi: Ndilowepo ine amene ndili konkuno. Wotchi ija imafuna kutchaja pafupifupi tsiku lililonse komanso imafuna smartphone ndi bundle. Agogo ambiri kuno ali ndi kafoni ka mabatani kokulunga mu nsalu, kamakatchajidwa pa trading kwa ometa tsitsi, netiweki mpaka ukwere pa chulu kuseri kwa tchalitchi. Ndipo tinene zoona, wotchi yokongola siikhalitsa pamkono pa agogo, mdzukulu aitenga kapena igulitsidwa nthawi ya feteleza. Komanso tisaiwale 2017 mphekesera ya anamapopa ija anthu anaphedwa ku Mulanje ndi madera oyandikana, chinthu chowala pakhungu nkumati chikuwerenga magazi chimafunika kufotokoza bwino, tidzere kwa amfumu kaye chilichonse chomwe tisankhe

Mnyamata wa IT ku Lilongwe: Akuluakulu ndikupempha tisataye AI yonse chifukwa cha mawotchi abodza. Imathandiza ndithu, WHO mu 2021 inavomereza mapulogalamu a kompyuta owerenga X-ray ya pachifuwa posaka TB, malo omwe kulibe dokotala wowerenga zithunzi. Kwathu njira ndi yoti chipangizo chikhale ndi alangizi a zaumoyo, ma HSA, iwo ayeze alembe mu foni imodzi, pulogalamu izikumbutsa kuti agogo akutiakuti manambala akwera katatu motsatizana akaonane ndi dokotala. Zimenezo ndikhoza kukonza ulele. Bola zotsatira za munthu zisamaponyedwe pa gulu lino, matenda a munthu ndi chinsinsi chake, ana ake okha adziwe ngati mwini wavomera. Paja palinso Chipatala Cha Pa Foni chija, chomwe umaimba foni nkulandira malangizo a zaumoyo, chinayambira ku Balaka mu 2011, chimatheka ndi kafoni ka mabatani komweko

Msungichuma: Kunena za thumba, ndalama tili nazo zingagule mawotchi enieni ochepa kwambiri, tiwapatsa ndani tisiya ndani? Mawa mudzamva kuti a komiti akondera kwawo. Makina a BP atatu kapena anayi amayeza mudzi wonse ndipo change chitsala

Namwino ku Leeds: Change chimenecho ndiye chofunika amsungichuma. Kuyeza kokha sikuchiza. Munthu akapezeka BP yakwera akufunika kukafika kuchipatala, ayambe mankhwala a BP monga HCTZ kapena amlodipine, azimwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ndipo tikudziwa nthawi zina amauzidwa kuti akagule okha. Tisunge ya kabaza ndi ya mankhwala. Tiwauzenso za mchere, WHO imati usafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi tiyisupuni imodzi, pomwe kwathu timathira mu ndiwo nkuikanso wina pambali pa mbale

Wa ku Joni: Chabwino ndagonja pa makina, koma pempho langa ndi ili. Pali makolo angapo omwe anagwapo kale ndi sitiroko ndipo amakhala ndi ana omwe ali ndi smartphone ndi sola. Wotchi yanga ndipereka ndekha osakhudza thumba la gulu, tiyese pa mmodzi tione ngati ingathandize pa kugwa ndi mtima. Ndipo mabatire alembedwe mu bajeti dzina la woyang'anira lidziwike

Aphunzitsi kumudzi: Mabatire ndisunga ine, koma tipeze otchajanso aja. Tsiku loyeza likhale Lamulungu potuluka mu tchalitchi ndi Lachisanu ku mzikiti, anthu amakhala asonkhana kale

Wapampando: Zikomo nonse mwakambirana mwaulemu. Aphunzitsi mukaonane ndi amfumu ndi alangizi a zaumoyo sabata ino mumve ngati iwo avomera kunyamula ntchitoyi, popanda iwo sitigula kanthu. Achemwali a ku Leeds titumizireni mtundu wa makina odalirika ndi saizi ya malamba, amsungichuma mufunse mitengo. Alembi tsegulani voti Loweruka madzulo, ya wotchi ya achimwene ikhale payokha