Atikana kawiri ndalama zothandizira ana athu: tilembetse bungwe lathulathu kapena tilowe pansi pa ena?

NaPhiri_SouthBend

Moni nonse abale. Ndikulemba kuchokera ku South Bend, Indiana. Zaka ziwiri zapitazo mwana wa mnzanga, mtsikana wa zaka 15, anayesa kudzipha. Anapulumuka, tithokoze Mulungu. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ife azakhali ake a kutchalitchi tinkamuona sabata iliyonse atangoti ndwii, osadya, osaseka, ife n'kumati "wayamba mwano, ndi kukulira ku America kumeneku."

Kuyambira pamenepo ine ndi amayi anzanga awiri timasonkhanitsa achinyamata Lamlungu masana m'chipinda chapansi cha tchalitchi. Amabwera 14, tsiku labwino 20: ana a Amalawi, ena a ku Zimbabwe ndi Kenya, komanso anzawo achikuda obadwira konkuno. Timaphika mpunga ndi nkhuku, mafoni timaika m'basiketi, n'kucheza. Zimene amatiuza n'zolemera, zina zoposa nzeru zathu. Tikufuna mlangizi wophunzira azibwera kawiri pamwezi, koma ndalama zonse zikuchokera m'matumba mwathu, ndipo tonse atatu ndi a mashifiti a usiku.

Tapempha thandizo kawiri. Oyamba anati tilibe 501(c)(3), chilolezo cha boma la America chosonyeza kuti ndife bungwe lachifundo losalipira msonkho. Achiwiri anati pulopozo yathu sikuonetsa m'mene tidzadziwire kuti anawo athandizika. Ndiye tilembetse bungwe? Komanso akamati ndalamazi ndi za ana achikuda, ana athu obwera kuchokera ku Africa amawerengedwa?

Chisale_Indy

Achemwali, zikomo chifukwa cha ntchito imeneyi. Ine ndimasunga mabuku a ndalama a mabungwe ang'onoang'ono, ndiye ndiyankhe za mapepala.

Kulembetsa sikovuta kwenikweni. Mumayamba ku boma la Indiana, kenako nambala ya msonkho ya bungwe yotchedwa EIN, kenako fomu ya IRS, ofesi ya msonkho ya boma la America. Ngati ndalama zanu sizidzapitirira $50,000 pachaka, pali fomu yaifupi ya 1023-EZ, mtengo wake $275. Yaitali ya 1023 ndi $600. Vuto limabwera pambuyo pake. Pamafunika bodi yokumanadi, akaunti ya kubanki, malisiti a chilichonse, ndi lipoti la ku IRS chaka ndi chaka. Mukadumpha zaka zitatu zotsatizana, amakulandani 501(c)(3) ija osafunsa. Ndaona magulu a anthu akwathu akugwa pamenepa, chifukwa msungichuma wasamukira ku Texas ndi mafayilo onse.

Kwa amayi atatu ogwira usiku, ine ndingati yambani ndi chimene kuno amati fiscal sponsor. Ndi bungwe lolembetsedwa kale limene limalandira ndalama m'dzina lake, kusunga mabuku, inu n'kumagwira ntchito yanu. Kawirikawiri limadulapo 5 mpaka 10 peresenti. Musainirane mgwirizano wolembedwa, wonena m'mene mudzatulukire mukadzakula. Tchalitchi chikhoza kuchita zimenezi, koma opereka ndalama ambiri safuna kulipirira mapemphero, ndiye pulogalamuyo iyenera kuoneka kuti ndi yotsekukira mwana aliyense.

Musathamangire ndalama za boma pa webusaiti ya Grants.gov, n'zazikulu komanso mapepala ake ndi ambiri. Pitani ku Community Foundation of St. Joseph County, bungwe lopereka ndalama zothandizira anthu a m'deralo, lili mumzinda mwanu momwemo, ndipo lili ndi thumba la ndalama za anthu achikuda la African American Community Fund. Imbani foni mupemphe kukumana nawo musanalembe kalikonse.

Nasimango_RN

Amayi NaPhiri, ndine namwino ku wodi ya odwala maganizo, ndipo nkhani yanu yandikhudza. Pa funso lachiwiri: inde, amawerengedwa. Kusukulu, kuchipatala, pamaso pa wapolisi, palibe amafunsa ngati makolo a mwanayo ndi a ku Ntcheu kapena a ku Mississippi. Koma musabise kuti ndinu obwera, chifukwa mphamvu yanu ili pomwepo. Mwana wathu amasenza mitolo iwiri: kunja tsankho, kunyumba "tinakubweretsa kuno kuti uphunzire, ukudandaula chiyani?" Mabungwe akuluakulu sangalowe m'makomo amenewa. Inu mumalowa, mumadya nawo nsima.

Mu pulopozo ikanimo umboni. Mu 2018 kafukufuku wa Jeffrey Bridge ndi anzake mu magazini ya zachipatala ya JAMA Pediatrics anapeza kuti pakati pa ana a zaka 5 mpaka 12, achikuda amadzipha pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi achizungu. Mu December 2019 aphungu achikuda a ku Congress, motsogozedwa ndi Bonnie Watson Coleman, anatulutsa lipoti la Ring the Alarm pa nkhani yomweyi. Owerenga mapulopozo amazidziwa zimenezi, ndipo akaona kuti nanunso mukuzidziwa amakhala tcheru.

Zoyeza zotsatira musaziope. Lembani mayina a obwera sabata iliyonse. Werengani ana amene mwawatumiza kwa mlangizi, ndi angati anakafikadi. Mlangiziyo akhoza kumawapatsa mafunso aafupi oyezera matenda a kukhumudwa otchedwa PHQ-9 poyamba ndi pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Chimene ndikupempha kwambiri ndi ichi, ngakhale ndalama zisanabwere. Atatu nonse muchite maphunziro a Youth Mental Health First Aid, a thandizo loyamba kwa achinyamata ovutika maganizo, satenga nthawi yaitali. Nambala ya 988 yothandiza anthu ovutika maganizo kapena oganiza zodzipha, imene inayamba mu July 2022, mwana aliyense akhale nayo pafoni. Amatha kungolemba meseji ngati akuopa kulankhula. Ndipo ku Indiana lamulo limati munthu aliyense woganizira kuti mwana akuzunzidwa ayenera kukanena. Anawo muwauze zimenezi poyera, asadzaone ngati mwawapereka.

GogoMbewe

Mwana wanga, ine za mafomu sindilowererapo. Koma mu bajetimo muikemo makolo. Mdzukulu wanga atauzidwa kuti akaonane ndi mlangizi, bambo ake anakalipa kuti "mwana wanga si wamisala, ameneyu akufunika pemphero." Ambirife tikamva za maganizo timaganiza za chipatala cha ku Zomba, kapena kuti wina wamulodza. Mwana wosakwana zaka 18 nthawi zambiri sangayambe uphungu popanda kholo kusaina. Itanani makolo paokha, muwaphikire, abusa akhalepo, namwino wakwathu alankhule m'Chichewa. Ine nditha kubwera kuchokera ku Berrien Springs, Michigan, pafupi ndi kwanuko, kudzafotokoza zimene zinachitika kwathu.

NaPhiri_SouthBend

Agogo, bwerani ndithu, ndikutumizirani uthenga kumbali. Achimwene a Chisale, pali bungwe lina la achinyamata pafupi nafe limene mkulu wake amatibwereka mipando. Mawa ndikamufunsa za kulowa pansi pawo. Amayi Nasimango, za kukanena kuboma zija sitinawauzepo anawo. Tiyambira pamenepo Lamlungu likubwerali. Kodi pali amene ali ndi chitsanzo cha mgwirizano wa fiscal sponsor kuti ndikapite nacho?