Kayaki yanga yoyamba: ndigule yotani, ndipo ndikaifikitse bwanji ku Cape Maclear?

Mphunzitsi wa ku Zomba

Moni nonse. Pa tchuthi cha Disembala ndinapita ndi banja langa ku Cape Maclear, komwe tinabwereka kayaki (kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi) ya anthu awiri n'kupalasa kuchokera m'mudzi wa Chembe mpaka pachilumba cha Thumbi, ndipo chibwerereni mtima wanga uli pogula yangayanga. Ndapeza ziwiri zakale zimene munthu wina akugulitsa ku Blantyre. Yoyamba ndi ya pulasitiki yolimba, yokhalira pamwamba, yotalika mamita 4, pamene yachiwiri ndi yopopa mpweya, imene imapindika n'kulowa m'chikwama. Galimoto yanga ndi yaing'ono ndipo ilibe kaliyala padenga. Kodi ndigule iti, ndipo ndiinyamule bwanji? Komanso popeza ku Liwonde n'kufupi ndi kwathu, kodi ndingamaphunzirire kupalasa mumtsinje wa Shire masiku Oweruka?

Mwana wa ku Chembe

Aphunzitsi, gulani ya pulasitikiyo. Chifukwa changa chachikulu ndi mphepo. Kayaki yopopa ndi yopepuka ndipo imayandama pamwamba penipeni pa madzi, choncho mphepo imaikankha ngati chigubu chopanda kanthu. Inu munabwera mu Disembala ndipo mwina munaipeza nyanja itagona, koma kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti kumaomba mwera wochokera kumwera chakum'mawa. Gombe lathu linayang'ana kumpoto chakumadzulo ndipo kumbuyo kwake kuli mapiri, motero mukaima pamchenga madzi amaoneka abata. Mukangotalikira pang'ono, mwera uja umakupezani kumsana n'kumakukankhirani pakati pa nyanja, ndipo mumazindikira vutolo pokhapokha mukatembenuka kuti mubwerere. Alendo ambiri amene asodzi athu amakawakoka ndi maboti a injini amakhala atanyengeka mwa njira imeneyi.

Ubwino wina wa yokhalira pamwamba ndi woti ili ndi mabowo otulutsira madzi, ndiye funde likakukhuthukirani madziwo amatuluka okha, ndipo ikagubuduka mumangoitembenuza n'kukweranso. Kukweranso kumeneku muyambe mwakuyeserera kambirimbiri pamalo pamene madzi akukulekezani m'khosi, musanaganize zopita kuchilumba cha Domwe. Za chilumba cha Mumbo, chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera kuno, muyambe mwaziiwala mpaka mutazolowera, ndipo tsiku limene mudzapiteko mudzatenge munthu woidziwa nyanja.

Muzinyamuka m'mamawa, ndipo ulendo wanu uziyamba molimbana ndi mphepo kuti pobwerera, mutatopa, izikuthandizani. Musanalowe m'madzi funsani asodzi, pakuti iwo akakokera mabwato awo kumtunda masana ndiye kuti pali chimene aona. Jekete yoyandamitsa muzivala n'kumanga, osati kuikhalira. Kumbukiraninso kuti zilumbazi zili m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, choncho pamakhala ndalama yolowera ndipo kupha nsomba pafupi ndi miyala yake n'koletsedwa.

Dalaivala wopuma, Chilomoni

Ine ndiyankhapo za kanyamulidwe, popeza katundu wapadenga ndamanga zaka zambiri. Kayaki yoteroyo imalemera makilogalamu pakati pa 20 ndi 30, kulemera kumene denga la galimoto yaing'ono lingathe kusenza, koma choopsa ndi mphepo imene imalowa pansi pake mukamathamanga kapena mukamapishana ndi malole. Ikitsani zitsulo ziwiri zopingasa padenga, muzikulunge siponji, ndipo kayakiyo muigoneke chafufumimba. Mangani ndi malamba awiri pakati, kenaka chingwe china kumphuno ndi china kumchira, zonse zikagwire zitsulo za pansi pa galimoto osati bampala ya pulasitiki. Malinya a machubu akale, amene timamangira katundu panjinga, musawadalire pano chifukwa amatamuka. Kumchira kukatulukira kumbuyo, mangiraniko kansalu kofiira.

Musakunge malamba mopitirira muyezo. Dzuwa la ku Mangochi limafewetsa pulasitiki, ndipo ine ndinaonapo kayaki itafika kunyanja ili yobonyoka pamimba chifukwa mwini wake anaikunga kwambiri. Ulendo wanu ndi wa makilomita pafupifupi 200, ndiye muime ku Liwonde ndi ku Mangochi kuti muone malamba, komanso muimenso pamphambano musanafike ku Monkey Bay, chifukwa msewu wolowera ku Cape Maclear ndi wokhotakhota ndi wa zitunda.

Musanapereke ndalama, itembenuzeni muone pansi pake cha kumchira, pomwe pamaperepeseka anthu akamaikoka pamchenga. Ngati mtundu wake unasuluka ndipo pulasitiki ikuoneka youma ngati ya beseni lokhalitsa panja, ndiye kuti inapsa ndi dzuwa ndipo sichedwa kung'aluka.

Mayi wa ku Liwonde

Bambo, chonde za Shire zisiyeni. Ine ndinabadwira kuno, ndipo palibe chaka chimene chimatha osamva kuti ng'ona yagwira munthu kapena mvuu yagubuduza bwato. Mvuu yokhala ndi mwana siyembekezera kuti muiputa, ndipo kayaki imene mukunenayo ndi yotsika kwambiri moti miyendo ndi manja anu zimakhala pafupi ndi madzi nthawi yonse. Pafupi ndi Kamuzu Barrage madzi amakoka mwamphamvu zitseko zikatsegulidwa, ndipo namasupuni amakola nkhafi. Kumunsi nakonso kuli mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amene si malo a munthu wophunzira. Ngati mukufuna kuuona mtsinjewu, kwerani boti la injini lokhala ndi woperekeza alendo.

Ngakhale kunyanjako, pewani m'mabango ndi m'mathiriro a mitsinje, ndipo popeza mudzakhala mukusamba m'madzi a ku Chembe kawirikawiri, muzikayezetsa likodzo kuchipatala.

Wophunzira unamwino, Mzuzu

Ndikugwirizana ndi akuluakulu amene ayankhawa, koma ndikuona kuti yopopa yanyozedwa mopitirira. Ine ndili nayo, ndimakwera nayo minibasi mpaka ku Nkhata Bay, ndipo ndimapalasa m'mbali mwa miyala nthawi ya m'mawa popanda vuto. Kayaki yolimba imene ikufuna anthu awiri kuti ikwere padenga ikhoza kumangokhala kuseri kwa nyumba chaka chonse. Chimene ndingawonjezere ndi cha nkhafi, aphunzitsi: musagule yolemera, ndipo popalasa muzipotoza thupi lonse kuyambira m'chiuno, kwinaku mapazi ataponda zolimba, chifukwa mukamakoka ndi mikono yokha mapewa amatopa ola lisanathe.

Mphunzitsi wa ku Zomba

Zikomo kwambiri nonse. Amayi, za Shire ndamva ndipo sindikayerekeza. Loweruka likubwerali ndipita ku Blantyre kukaiona ya pulasitikiyo, makamaka pansi pake monga mwanenera adalaivala. Funso limene latsala ndi la kwa inu achimwene a ku Chembe: kodi kumeneko kuli malo amene munthu angasungitse kayaki pamthunzi kwa miyezi ingapo, kuti ndisamayende nayo padenga ulendo uliwonse?