Ndikupempha uphungu pa ulendo wa ana wokaona nyama ndi nyenyezi ku Iziko Museum

Moni nonse a pagulu pano, makamaka makolo ndi aphunzitsi amene mukukhala kuno ku Cape Town. Ine ndimaphunzitsa Sande sukulu pa mpingo umene anthu ake ambiri ndi ochokera ku Malawi, ndipo makolo andipatsa udindo wokonza ulendo wa ana pa tchuthi cha Disembala. Tagwirizana zopita ku Iziko South African Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zachilengedwe, ku Company's Garden, chifukwa pamalo omwewo pali zionetsero za nyama komanso planetarium, chipinda cha denga lozungulira chimene amaonetseramo thambo ndi nyenyezi. Anawo ndi a zaka kuyambira 6 mpaka 13, ndipo ambiri anabadwira kuno.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi mbali ya nyama. Nyumbayi, imene inakhazikitsidwa mu 1825, ili ndi mafupa a namgumi otalika mamita oposa 20, ndipo sindikukayika kuti ana akachita nawo chidwi. Koma mulinso kamwana ka quagga, mtundu wa mbidzi umene unali ndi mizere kumutu ndi kutsogolo kwa thupi kokha, umene alenje anausaka mpaka kuutheratu, moti yotsiriza inafera kumalo osungirako nyama ku Amsterdam mu 1883. Nkhawa yanga ndi yakuti mwana akaona kanyamako kali chiimire m'galasi, akangokayesa chidole, n'kudutsa osamva kulemera kwa nkhaniyo. Kodi mwana wa zaka 7 ndingamufotokozere bwanji kuti kutha kwa mtundu wonse wa nyama n'kosiyana ndi kufa kwa nyama imodzi, popanda kumuchititsa mantha?

Ndaganiza zowasimbira za nkhalango ya Majete ku Chikwawa, kumene nyama zazikulu zinatha chifukwa cha anthu opha nyama mozemba, kufikira pamene a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks anayamba kuisamalira mu 2003 n'kubwezeramo zipembere, kenaka njovu, ndiponso mikango mu 2012. Zinatheka chifukwa nyamazo zinali zikadalipo kwina, pamene quagga panalibenso kokaitenga. Kodi chitsanzo chimenechi chingawafike pamtima ana amene kwawo amangokumva m'nkhani za makolo?

Za planetarium ndikufunsa amene munapitako ndi ana aang'ono: kodi mdima ndi zithunzi zoyenda padenga siziwaopsa kapena kuwachititsa chizungulire? Nanga tiyambe ndi chiti, nyama kapena nyenyezi? Ndikulakalaka kuti anawa adziwe Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Mlalang'amba monga ife tinkazionera kumudzi, poti magetsi a mumzinda muno amaphimba thambo.

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha ntchito imene mukugwira. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo uphungu wanga ndi wakuti muyambe ndi planetarium anawo asanatope, chifukwa mwana amene wayenda nthawi yaitali akangokhala pampando mumdima amagona. Muwaimbire foni a kumeneko nthawi ikadalipo, muwauze misinkhu ya ana anu, kuti akusankhireni chionetsero choyenera ndi kukusungirani malo. Aang'ono akhale pafupi ndi munthu wamkulu, ndipo muwauziretu kuti akamva chizungulire angotsinzina pang'ono. Musanapite, atulutseni panja madzulo ena muwalozere kum'mawa, pakuti mu Disembala nyenyezi zitatu zotsatana zija, Akamwiniatsatana, zimaoneka ngakhale mumzinda. Muwauzenso kuti Nthanda si nyenyezi ngati zinazo, koma ndi pulaneti ya Venus imene imawala ndi kuunika kwa dzuwa.

Yankho: Amayi, pa nkhani ya quagga musaope kuwauza ana zoona. Mu 1987 Reinhold Rau, amene ankagwira ntchito pa nyumba yomweyo, anayambitsa Quagga Project, yosankha mbidzi za mizere yochepa kuti ziswane, ndipo lero kuli mbidzi zofanana ndi quagga m'maonekedwe. Komabe ana adziwe kuti kufanana sikubweza chimene chinatayika. Chitsanzo cha Majete n'chabwino kwa akuluakuluwo, koma aang'ono amamva msanga za chinthu chimene achiona ndi maso. Auzeni za mbalame za penguin za ku Boulders Beach ku Simon's Town, zimene mu 2024 zinaikidwa m'gulu la zolengedwa zimene zili pangozi yaikulu kwambiri yotheratu, makamaka chifukwa nsomba zimene zimadya zachepa m'nyanja. Bungwe la SANCCOB limalandira zodwala ndi zovulala, n'kuzibwezera kunyanja zikachira.

Wofunsa: Ndathokoza kwambiri abambo ndi amayi amene mwayankha. Tiyamba ndi planetarium monga mwanenera, ndipo nkhani ya penguin ndiikonzera aang'onowo. Ndatsala ndi funso limodzi: kodi kuli bwino kuti ana a zaka 6 ndi a zaka 13 alowe chionetsero chimodzi, kapena ndipemphe makolo ena atiperekeze kuti tiwagawe magulu awiri?