Mwambi uwu ukundizunguza: "Dama n'kumeta, mphini n'chironda"

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mphini ndikuzidziwa, ndi zija ankatema pankhope ndi lumo n'kupakapo makala kuti zide. Pomwe pandivuta ndi pa dama. Ine dama ndimadziwa lija la pa Agalatiya 5:19, pomwe Buku Lopatulika likuti ntchito za thupi ndizo dama, chodetsa, nyansi. Nanga kumeta kukugwirizana bwanji ndi chigololo?

Mphunzitsi wopuma:
Mwafunsa bwino, achimwene. Baibulo mukulitchulalo linatuluka mu 1922, ndipo ambirife liwuli tinakula tikulimva paguwa, n'chifukwa chake tikangomva dama maganizo amathamangira kumeneko. Koma dama lilinso ndi tanthauzo lina: kudzikongoletsa, kudzimva kuti ndilipo, kufuna kuti maso a anthu agwere pa iwe. La m'mwambimu ndi limeneli.

Tsono tamverani mmene akuluakulu anauikira. Sakuletsa dama ayi. Akuti ukafuna kuoneka bwino, meta. Wometa akakulakwitsa, anthu aseka sabata ziwiri, tsitsi limera, nkhani yatha. Koma mphini ndi lumo pathupi. Magazi amatuluka, nthawi zina pamatukusira, ndipo chipsera chake umapita nacho kumanda ngakhale utasiya kuzikonda. Mwambiwu amauza munthu amene akudzipweteka chifukwa chongofuna kuti amuone.

Mayi wa ana anayi:
Aphunzitsi, ndikuvomera, koma dama mwalipeputsa. Ife tikati uje ali ndi dama sitinena za tsitsi lokha. Wadama ukamupatsa moni amayankha ndi nsidze, pakamwa osatsegula. Ukamupatsa mpando amayamba waupukuta ndi kansalu iwe ukuona. Kukongola kuli pomwepo, koma mkati mwake muli kunyansidwa ndi anzake.

Ndipo tisamasakanize. Wamatama amagwiritsa ntchito pakamwa: galimoto yake, ana ake, bwana amene anamugwira chanza. Wodzitukumula amadziyesa wamkulu kuposa msinkhu wake. Kunyang'wa ndi kuthimbwidzika ndi za mayendedwe, phazi limodzi lero lina mawa, khosi gwa, ngati pansipa anachita kumugulira. Wadama akhoza osayankhula kanthu tsiku lonse koma nonse mudziwa kuti akukuonani ochepa.

Wachinyamata:
Ife timangoti kudzimva kapena kushaina, zonsezo n'kutheratu. Koma mwambiwu ndaukonda. Mphini za lero si mafuta oyeretsa khungu aja? Ena amakhala ndi mankhwala otchedwa mercury kapena hydroquinone, munthu amayera miyezi ingapo kenako masaya apsa, zigamba zakuda zosachoka, mfundo za zala zili bii pomwe nkhope ili mbee. Kapenanso kutenga katapila kuti ugule foni yoti uziika patebulo anthu akamacheza.

Mphunzitsi wopuma:
Eya, mwana wanga, pamenepo walasa. Koma pa "kudzimva" ndikana. Liwu limodzi silingasenze katundu yense uja amayi atchulayu. Munthu amene wapita kunja sabata zitatu n'kubwera ndi Chizungu cha m'mphuno, akufunsa kuti paja ichi m'Chichewa mumati chiyani, sali chimodzimodzi ndi amene amakokera dzanja la malaya m'mwamba kuti wotchi ioneke. Woyambayo akudzibisa, wachiwiriyo akudzionetsa. Mukawatcha dzina limodzi ndiye kuti simunawaonetsetse.

Amayi, pa za kunyansidwa mwanena zoona, ndipo mwina m'pamene matanthauzo awiri a dama aja akumanirana: konseko munthu waika thupi lake patsogolo. Koma awa ndi maganizo anga chabe.

Wofunsa:
Zikomo nonse, mwambi uja ndaumva tsopano. Koma ndili ndi kafunso kena. Pali anthu ena kuyambira ali ana amayenda choncho, mapewa m'mwamba, pang'onopang'ono, ndipo ukacheza nawo ndi ofatsa zedi. Amenewanso tiziti akuthimbwidzika? Ndikuona ngati timawalakwira.

Mayi wa ana anayi:
Timawalakwiradi, achimwene. China ndi chibadwa, china n'chochita kuyeserera, ndipo kusiyanitsa kwake sikovuta. Mumuone mvula ikayamba mwadzidzidzi, kapena galu akatulukira pageti. Wachibadwa adzathamanga mapewa ali m'mwamba momwemo. Winayo mudzamuona akuliyatsa liwiro ngati ife tonse.