Bulangete la zigamba: lichapidwe kaye lisanapite ngati mphatso?

Nazigamba:
Ndamaliza kusoka bulangete la zidutswa za zitenje, mita 1.5 mulitali ndi mita 1.2 mulifupi, loti lipite kwa mwana wakhanda. Muli zigamba zofiira, za buluu woderako ndi zoyera zingapo, m'kati ndaikamo thonje. Zidutswazo sindinazichape ndisanasoke. Ndilichape kaye kapena lipite momwemo? Nanga kuyanika kwake, poti mvula yayamba?

Telala wa pakhonde:
Chapani ndithu, amayi. Chitenje chatsopano chimakhala ndi sitachi ndi utoto wotsalira, kuwonjezera pa choko chanu ndi thukuta la m'manja. Ngati utoto uti usukuluke, usukuluke lili kwa inu, osati kwa make mwana.

Musanalinyowetse, lipapaseni paliponse kufufuza mapini oiwalika. Msoko uliwonse umene nsalu yake yotsala kuseri sikukwana mamilimita 6 ubwerezeni, chifukwa ndi umene umayamba kumasuka m'madzi. Kenako nyowetsani kansalu koyera, mukatikite pachigamba chofiira ndi cha buluu. Kakatenga mtundu, mwadziwiratu kovuta.

Madzi akhale ozizira ndiponso ambiri, bafa lalikulu la malita 40 kapena kuposa. Utoto wotuluka ukachepekedwa madzi umakakamira pa zoyera zija. Sopo masipuni awiri akwana, musungunule kaye kuti ufa usakhale m'misoko. Jik ayi, mankhwala onunkhiritsa zovala ayinso, khungu la khanda silichedwa kutuluka nsungu. Kanikizani ndi zikhatho kwa mphindi 10, osakwecha, osamenyetsa pamwala. Tsukuluzani mpaka madzi ayere mbee, kaya kanayi kaya kasanu.

Mayi wa singano:
Ndiwonjezere pa za atelalawa. Wina akuuzani kuti thirani mchere kapena viniga kuti mtundu ugwire. Pa zitenje za m'sitolozi musadalire zimenezo. Utoto umene sunagwire ku fakitale uyenera kungotuluka basi. Chimene chimaononga mabulangete ambiri si kuchapa, koma kulisiya lonyowa lili lopindapinda m'beseni pamene mwapita kukatereka ndiwo. Chofiira chikagona pa choyera kwa ola limodzi, chasiyapo chidindo. Mukaona kuti pathimbirira, bwezani m'madzi nthawi yomweyo lisanaume, pakuti likauma kapena kusitidwa banga limakhazikika.

Osapotokola pofinya. Bulangete lonyowa limalemera kwambiri, ndipo mukalikoka ndi ngodya imodzi ulusi umaduka, thonje n'kuunjikana mbali imodzi. Pendeketsani bafa madzi atayike, kanikizani, kenako liyaleni pa matawulo awiri, mukulunge ngati mkeka n'kupondaponda. Poyanika musalilendeweretse pa chingwe chimodzi. Lidutse pa zingwe zitatu kapena zinayi zoyandikana kuti kulemera kugawike, nsalu ya kunsi ndiyo iyang'ane dzuwa. Litembenuzeni pakatha maola awiri kapena atatu.

Musadabwe likabwererako pang'ono. Nsalu ya thonje yosachapa imafupika ndi masentimita 3 mpaka 5 pa mita, ndipo timakwinya timene timaoneka m'mbali mwa misoko si vuto, ndiko kukongola kwake.

Achimwene a ku chigwa:
Zonsezi n'zoona, koma palibe watchula mphutsi, pomwe bulangeteli ndi la khanda ndipo ino ndi nyengo yake. Ntchentche yobweretsa mphutsizo imakonda kuikira mazira pa nsalu yachinyezi yomwe ili pamthunzi kapena pansi, makamaka dothi lake likakhala kuti pamakodzedwa. Mazira amaswa pasanathe masiku atatu, timphutsi n'kudikira khungu la munthu. Choncho zoyala pa kapinga kapena pamphasa panja, iwalani. Yanikani padzuwa lenileni, kapena m'nyumba mazenera otsekula ngati ali ndi sefa.

Likauma lisitidwe mbali zonse ziwiri, simbi ikhale yotentha ngati mukusita malaya a kotoni, ndipo muchedwe m'misoko ndi m'mphepete momwe nsalu yapindidwa kangapo. Ya makala iyende pamwamba pa kansalu kena, phulusa lingadetse zoyera.

Nazigamba:
Zikomo nonse. Ndidziwa bwanji kuti m'kati mwauma? Komanso ena amaikamo poliyesita, kusita kwake n'komweko?

Telala wa pakhonde:
Finyani pamene pakumana misoko inayi, mugwirizire kwa kanthawi. Pakamveka kuzizira, thonje likadali ndi madzi ngakhale pamwamba pauma gwa. Nyengo ino lipatseni masiku awiri. Mukalipinda msanga limachita chuku ndipo fungo lake silitha msanga.

Poliyesita ndi nkhani ina: simbi yotentha imamuphwatalitsa kapena kumusungunula, osadzafufumanso. Lotero liumire m'nyumba kuyambira pachiyambi, ntchentche isalipeze. Ngati lakhalako panja, lisungidwe louma milungu itatu lisanafike pa mwana, chifukwa timphutsi tosapeza khungu timafa pakatha pafupifupi milungu iwiri.

Polongedza, lilowe m'pilokesi ya kotoni osati m'jumbo, ndipo muikemo kapepala ka mawu ochepa: madzi ozizira, osathira Jik, osapotokola.